Kodi mumadziwa? Chomwe mapulogalamu ena amalekera pa 10, 12 kapena 22

Kodi mumadziwa kuti kauthenga komwe kamabwera pa foni mukagula magetsi a Credelec muli kwanu ku Filipe Samuel Magaia, mumzinda wa Tete, kali ndi nkhani yomwe yazunguza mitu akatswiri opanga zinenero za kompyuta kuyambira m'ma 1970? Mukauthengako muli nambala ya mita, mametikali omwe mwalipira, kuchuluka kwa magetsi, tsiku, ndi manambala okalowetsa m'mita. Inu mumaona uthenga umodzi, koma kompyuta imaona zinthu za mitundu yosiyana. Wolemba pulogalamu amalakalaka function (kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito yake) imodzi yolandira zinthu za mtundu uliwonse, zomwe akatswiri amati generics, kaya zibwere ziwiri kaya 20, zomwe amati variadic, bola chilichonse chikhale chotha kulembeka pa lisiti. "Bola" ameneyu ndiye interface, ndipo mpamene pagona nkhani.

Kodi mumadziwa kuti chinenero cha C, chomwe Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, chimalandira zinthu zochuluka mulimonse koma osafunsa? Function yake yotchuka, printf, imakhulupirira zomwe mwaiuza. Mukati mukubweretsa mawu koma n'kuipatsa nambala, imalemba zopanda mutu kapena pulogalamu imagwa. M'chaka cha 2000 akuba a pa intaneti analowera pa mpata womwewu n'kulanda makompyuta omwe ankagwiritsa ntchito pulogalamu ya wu-ftpd.

Nanga zoti njira yotsekera mpatawu inabwera kalekale ndi mayi? Barbara Liskov ndi ophunzira ake ku MIT anapanga chinenero cha CLU chapakati pa zaka za m'ma 1970. Mu CLU munthu ankatha kulemba kuti akulandira mtundu uliwonse, kenako n'kuonjeza liwu loti where, n'kutchula zomwe mtunduwo uyenera kutha kuchita. Zili ngati mlatho wa Samora Machel: galimoto zidutse zingati patsiku si nkhani, koma lole yolemera imabwezedwa isanakwere n'komwe, ikadzere ku mlatho wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014. Liskov analandira mphoto ya Turing ya 2008.

Kodi mumadziwa kuti C++ inayamba ndi kutsegula njira, malamulo n'kubwera pambuyo? Ma variadic template (template ndiye generics ya C++), omwe Douglas Gregor ndi Jaakko Järvi anatsogolera, analowa m'chinenerochi mu 2011. Ma concept, omwe ndi malamulo ofufuzira mitundu, anayenera kubwera nthawi yomweyo, koma komiti inawachotsa pa msonkhano wa ku Frankfurt mu Julaye 2009 poona kuti sanapse. Anadzalowa mu C++20. Zaka zonse zapakatizi, ukaipatsa template chinthu cholakwika, compiler, pulogalamu yofufuza ndi kumasulira khodi, sinkakuuza pakhomo. Inkalowa nacho m'kati mwenimweni mwa khodi ya anthu ena, n'kukulavulira mizere yambirimbiri ya madandaulo yovuta kupezamo pomwe walakwitsa. Ine ndimaona kuti ophunzira ambiri omwe anathawa C++ sanathawe chifukwa chouma mutu. Anathawa mauthenga amenewa.

Kodi munaonapo manambala achilendo awa? Mu Rust, zinthu zomangidwa pamodzi m'kagulu kotchedwa tuple zimatha kuyerekezedwa kapena kusindikizidwa ngati sizipitirira 12. Mu C#, mitundu ya ma function yotchedwa Func ndi Action imalekera pa zinthu 16. Scala 2 inkalekera pa 22 mpaka Scala 3 itatuluka mu 2021. Opanga mapulogalamu a iPhone pogwiritsa ntchito SwiftUI sankatha kuika zinthu zoposa 10 m'gulu limodzi popanda kuzigawa. Palibe masamu ozama kuseri kwa manambalawa. Chinenero chikakhala kuti sichitha kunena kuti "zingati zilizonse", eni ake amalemba khodi ya chinthu chimodzi, ya ziwiri, ya zitatu, mpaka pomwe aona kuti pakwana. Malire a 10 aja anatha mu 2023 Swift 5.9 itabweretsa ma parameter pack, momwe umalemba each T, n'kutchula interface yomwe chilichonse chiyenera kukwaniritsa.

Ndiye chimavuta n'chiyani? Apa mpofunika kufatsa. Compiler iyenera kutsimikiza kuti function ili bwino isanadziwe kuti idzalandira zinthu zingati. Bwanji ikalandira zero? Lisiti lopanda kanthu ndi lololeka, koma kufuna mtengo waukulu pa mitengo yomwe palibe ndi funso lopanda yankho, choncho chinenero chiyenera kupereka njira yonenera kuti pakhale chimodzi kapena kuposa. Bwanji magulu akakhala awiri, lina la mitu monga "mita" ndi "tsiku", lina la zolembedwa pansi pa mituyo? Kutalika kwawo kuyenera kufanana, ndipo lamulo limenelo si la mtundu umodzi, ndi la magulu awiri pamodzi. Palinso nkhani ya kukula kwa pulogalamu. C++ ndi Rust zimapanga khodi yapadera pa kusakaniza kulikonse kwa mitundu. Imathamanga, koma pulogalamu imanenepa, ndipo amene amamva kuwawa ndi wa foni yosachedwa kudzadza komanso wogula intaneti ya mametikali ochepa. Java, itabweretsa generics mu 2004, inasankha kufufuta mitunduyo ikamaliza kuifufuza, moti pulogalamu ikamayenda sikumbukiranso zomwe inalonjezedwa.

Kodi mumadziwa kuti Go, yomwe Google inatulutsa mu 2009, inakhala yopanda generics mpaka Malichi 2022? Zitabwera mu Go 1.18, malamulo ake analembedwa ngati ma interface, koma kulandira mitundu yosiyana yochuluka mulimonse anakusiya. Python inachita mosemphana: mu Okutobala 2022 Python 3.11 inabweretsa TypeVarTuple, yolandira mitundu yochuluka mulimonse, koma popanda njira yoikira malamulo pa mitunduyo. Pa ziwirizi ine ndili kumbali ya Go. Kusowa variadic kumatopetsa wolemba, koma kusowa malamulo kumapweteka wogwiritsa ntchito pulogalamuyo, yemwe sanalakwe kanthu.

Kodi mumadziwa kuti nambala yolondola ikhoza kugwetsa chombo? Pa 23 Sepitembala 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ina inkapereka mphamvu m'muyeso wa mapaundi pomwe inzake inkayembekezera ma newton. Kwa kompyuta zonse zinali manambala basi. Wamalonda wodutsa pa Zóbuè kupita ku Mwanza ali pa ngozi yomweyo ngati pulogalamu yake ikusunga 500 osanena kuti ndi mametikali kapena makwacha, komanso kwacha ya Malawi si ya Zambia. Mukapanga metikali kukhala mtundu pawokha, kwacha iliyonse mtundu pawokha, compiler ikana kuziphatikiza. Apa mpomwe pamaoneka kusiyana kwa malamulo awiri: function yophatikiza ndalama ifuna zonse zikhale za mtundu umodzi, zomwe Java ndi Go zimatha kale, pomwe function yolemba lisiti ilola mitundu yosiyana bola uliwonse udziwe kudzilemba.

Ndipo kodi mumadziwa kuti printf uja anapeza mlowam'malo? C++20 inabweretsa std::format, yochokera ku ntchito ya Victor Zverovich yotchedwa fmt. Imalandira zinthu zochuluka mulimonse, ndipo mukaipatsa mawu pomwe munalonjeza nambala, compiler imakana pulogalamu isanayambe kuyenda. Wophunzira wa ku Instituto Superior Politécnico de Tete, kapena aliyense wa laputopu yakale, akhoza kuyesa yekha popanda kulipira: compiler ya GCC ndi yaulere, ma concept alimo kuyambira GCC 10 ya 2020, ndipo std::format inalowa mu GCC 13 ya 2023.