Si ufiti, TV ndiyo ikuchedwa kumva batani

Loweruka masana timanyumba ta magemu pa Jenda ndi pa boma pa Mzimba timadzaza msanga. Anyamata amathinana pa benchi, maso ali pa TV, mapadi ali m'manja. Ena amakhala atachokera kutali ngati ku Luwawa, m'nkhalango ya Viphya, ndipo akatha za kumsika amapatula kangachepe koti amenyere mpira wa pa PlayStation asadabwerere kwawo.

Mkangano suchedwa kubuka. Wogonja amalumbira kuti batani adadina nthawi yabwino koma wosewera wake ndiye adachedwa kumenya mpira. Amati mwini malo wam'patsa padi yakufa pofuna kukondera mnzake. Ngati adabetcherana ndalama, nkhani imafika pogwirana mashati, ndipo sipalephera wina wotchula za mankhwala.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri wogonjayo amakhala akunena zoona. Batani adadinadi, padi ilibe vuto, ndipo palibe amene adapita kwa sing'anga. Yachedwa ndi TV.

Boma la Mzimba n'lodziwika ndi maulendo a ku Joni kuyambira m'masiku a Wenela ndi Teba. Kale obwerako ankanyamula njinga, wailesi ndi mabulangete. Lero m'katundu wochokera ku Johannesburg simulephera TV yaikulu yopyapyala, ija ambiri amangoitcha pulazima. Ikafika pakhomo, TV yakale ya chimsana imakankhidwira kuchipinda kapena kugulitsidwa motchipa. Komatu walira mvula walira matope. Pulazima ili ndi khalidwe lina lomwe TV yakale idalibe.

TV yakale inkaonetsa chithunzi nthawi yomweyo chikangofika pa waya. Ya masiku ano ili ndi kakompyuta m'kati. Chithunzi chikafika, kakompyutako kamayamba kachigwira kaye, n'kuchikulitsa kuti chikwane sikirini, kukonza mitundu yake, ndipo pena kamapeka zithunzi zina zoika pakati kuti zinthu zizioneka zikuyenda mosalala. Ntchito yonseyi imadya nthawi.

Nthawiyi imayezedwa m'timagawo ta sekondi. Sekondi ikagawidwa m'magawo 1,000, kagawo kamodzi ndi milisekondi. TV zina zikamakometsa chithunzi zimachedwa ndi mamilisekondi 100 kapena kuposerapo. Woonera filimu sangazindikire kanthu chifukwa sakudikira kuti TV imuyankhe. Koma penate yomenyedwa pa liwiro la makilomita 100 pa ola imatha mamita 11 opita pagolo m'mamilisekondi pafupifupi 400. Goloboyi wochedwa ndi mamilisekondi 100 ndiye kuti wataya kale gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yake.

N'zoona kuti anthu awiri osewera pa TV imodzi amachedwetsedwa mofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti amene amasewera pamalopo tsiku ndi tsiku zala zake zidazolowera kudina msanga pang'ono, iye osadziwa n'komwe. Mlendo amene adaphunzirira pa TV yakale kwawo ndiye amaoneka ngati sadziwa mpira.

Mankhwala enieni a vutoli ali pa rimoti ndipo ndi aulere. TV zambiri zili ndi malo olembedwa kuti Game Mode pa gawo lokonzera chithunzi. Ikatsegulidwa, TV imasiya zokometsa zambiri zija, ndipo pa TV zambiri zamakono kuchedwa kumatsika mpaka pakati pa mamilisekondi 10 ndi 20. Ndi bwinonso kuzimitsa zosalalitsa chithunzi, zomwe pa Samsung zimatchedwa Auto Motion Plus, pa LG ndi TruMotion, pomwe pa Sony ndi Motionflow.

Amene ali ndi PlayStation 2, yomwe idatuluka m'chaka cha 2000 ndipo imalumikizidwa ndi mawaya atatu, wachikasu, woyera ndi wofiira, asafulumire kutaya TV yakale. Makinawa adapangidwira TV ya mtundu umenewo, ndipo pulazima imavutika kutembenuza chithunzi chake. Umboni wake ndi kamfuti ka pulasitiki kowombera abakha m'gemu ya Duck Hunt, yomwe Nintendo idatulutsa mu 1984. Pa TV yakale kamalasa, koma pa pulazima kamaphonya, chifukwa kamadalira kuti TV ionetse kuwala pa nthawi yake yeniyeni.

Vuto lachiwiri limaoneka ndi maso. Chithunzi chimachita ngati chang'ambika chopingasa, gawo la kumunsi n'kusunthira patsogolo, la kumtunda n'kutsalira. Chitsulo cha golo chimaoneka ngati chathyoka pakati. Izi zimachitika kwambiri posewera pa kompyuta kapena laputopu, komanso m'magemu ena a PlayStation 3 ndi Xbox 360. Ambiri akaona zimenezi amati sikirini yafa, n'kuyamba ulendo wopita kwa wokonza ma TV, chikhalirecho palibe chomwe chawonongeka.

Kuti munthu amvetse, ayenera kudziwa kuti TV imaonetsa zithunzi zambirimbiri motsatizana, ndipo chilichonse imachilemba kuyambira kumtunda kutsikira kumunsi. Masikirini ambiri amachita zimenezi ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi chimakhala mamilisekondi 16.7. Njira yakale ya PAL, yomwe TVM idayamba nayo kuulutsa mu 1999, inkachita ka 50 potengera kayendedwe ka magetsi ngati a Escom. TV za lero sizitengeranso magetsi pa zimenezi, choncho mabanja ogwiritsa ntchito sola ku Luwawa asanamizire batire.

Pamene TV ili ndi liwiro lake losasintha, makina a gemu alibe. Pa sikirini pakakhala zinthu zochepa amajambula msanga, pakachuluka zochitika amachedwa. Zili ngati mwana wa sukulu akukopera notsi pa bolodi kuchokera m'buku, mnzake n'kutembenuza tsamba iye ali pakati. Kumtunda kwa bolodi kukhala za tsamba loyamba, kumunsi za tsamba lachiwiri. Kung'ambika kuja ndi malo amene zithunzi ziwiri zakumanirana.

Njira yakale yothetsera vutoli imatchedwa V-Sync, ndipo imapezeka m'magemu ambiri a pa kompyuta. Imauza makina kuti asapereke chithunzi chatsopano mpaka TV itamaliza chomwe ili nacho, monga amayi awiri osinja mu mtondo umodzi amadikirirana kuti misi isagundane. Kung'ambika kumatha, koma kudikirako kumawonjezera kuchedwa kwa batani. Komanso makina akaphonya nthawi yake, chithunzi chimodzi chimaoneka kawiri, ndipo liwiro likhoza kutsika kuchoka pa 60 kufika pa 30, gemu n'kumayenda modukiza.

M'chaka cha 2013 kampani ya Nvidia ya ku America idatembenuza nkhani ndi njira yotchedwa G-Sync. Mmalo moti makina azidikira sikirini, sikirini ndiyo imadikira makina, n'kuonetsa chithunzi chikangopsa. Kampani ya AMD idatulutsa yake ya FreeSync mu 2015. Mu 2017 malamulo atsopano a waya wa HDMI, otchedwa HDMI 2.1, adabweretsa nzeru yomweyi ku ma TV a m'nyumba pansi pa dzina la VRR, pamodzi ndi njira ina yoti TV izitsegula yokha Game Mode ikazindikira gemu.

Apa m'pamene mabanja ayenera kusamala, pakuti safunsa adadya phula. Kuti VRR igwire ntchito, makina a gemu, TV ndi waya zonse ziyenera kuilola. PlayStation 5 idatuluka mu 2020 koma idayamba kugwiritsa ntchito VRR mu April 2022. PlayStation 4 ya 2013 ndi akuluakulu ake onse alibiretu. Ndiye banja lomwe lili ndi PlayStation 4 likauza m'bale wa ku Joni kuti awonjezere ma randi pogula TV ya VRR, ndalama yowonjezerayo siibweza kanthu mpaka tsiku lomwe lidzagule makina atsopano. Chofunika kufunsa m'sitolo n'chakuti kodi TV ili ndi Game Mode, ndipo ngati n'kotheka kuiyesa ndi padi ndalama isadatuluke m'thumba.

Palinso njira yosavuta yodziwira ngati TV yawonongekadi. Kung'ambika kobwera chifukwa chosagwirizana nthawi kumaoneka pokhapokha zinthu zikamayenda, sikukhazikika malo amodzi, ndipo chithunzi chikaima kumatha. Koma mzere wokhala pamalo amodzi ngakhale pa nthawi ya nkhani, madontho osachoka, kapena TV yomangozima yokha, zimenezo n'zofunika kuyamba wasintha waya, zikakanika ndiye kupita kwa wokonza.

Kwa mwini kanyumba ka magemu nkhaniyi ndi ya ndalama. Mnyamata wochokera ku Luwawa akagonja katatu akuona kuti batani silikumumvera, sabata yamawa amakalowa khomo lina, ndipo amatenga anzake. Kutsegula Game Mode kumatenga mphindi zosakwana zisanu. Zikatero wogonja amadziwa kuti wagonja ndi mpira, ndipo amalipiranso gemu ina kuti abweze.