Ukali wa Pamsewu: Kodi Omenya Anzawo Ndi Anthu Otani?

Tikamva kuti anthu amenyana pamsewu mu Lilongwe, ambiri a ife maganizo amathamangira ku depoti ya ku Old Town, kwa madalaivala a minibasi, makondakitala ndi anyamata a kabaza. N'zoona kuti kumeneko mkangano suchedwa, chifukwa dalaivala amene ayenera kupereka ndalama kwa mwini minibasi madzulo amaona mphindi iliyonse ngati ndalama yotayika. Koma tisanamizane. Bwana wovala taye, wochokera ku Area 10 kapena Area 43 popita ku Capital Hill, nayenso amatsika m'galimoto n'kukagwira mnzake pakhosi. Umphawi kapena chuma sindicho chizindikiro. Ngakhale dzina la Chingerezi la khalidweli linatchuka ku Los Angeles, mzinda wolemera wa ku America, madalaivala atayamba kuomberana mfuti pamsewu mu 1987.

Chizindikiro chachikulu n'chakuti munthu wotere amatenga kulakwitsa kwa mnzake ngati chipongwe. Wina akamulowa kutsogolo pa mlatho wa Lilongwe, pamene magalimoto amathithikana m'mawa uliwonse, iye saganiza kuti mwina mnzakeyo ndi wophunzira kumene, kapena akuthamangira ndi wodwala ku Kamuzu Central. Iye amati, "Wandiderera ameneyu." Amaliza hutala, amamutsatira m'mbuyo mopanikiza, kenako amamutsekera njira. Galimoto amaiona ngati ulemu wake, kotero kukalika pang'ono kwa penti kumamupweteka ngati wamenyedwa mbama. Mawu ake timawadziwa tonse: "Ukundidziwa kuti ndine ndani?"

Galimoto imabisanso nkhope. Bambo amene sangatukwane munthu pamaliro kapena kumsika, akakhala kuseri kwa magalasi akuda amaiwala kuti amene akumutukwanayo ndi mayi wa munthu. Kawirikawiri ukaliwo amakhala atachoka nawo kunyumba kapena kuntchito, ndipo mowa umangothira mafuta pamoto. Tinaziona pa mizere ya mafuta mu 2022 ndi 2024, pamene kulowerera mzere kunkayambitsa ndewu.

Nafenso oonerera tili ndi mbali yathu. Tikamakuwa kuti "Mumenye!", ndife amene timamulimbitsa mtima, chifukwa munthu wodzikonda sabwerera m'mbuyo pamaso pa gulu.

Malamulo a dziko lathu salola kumenya munthu, ngakhale iyeyo ndiye wagunda galimoto yathu. Kugundana ndi nkhani ya apolisi a pamsewu ndi a inshuwalansi. Kumenya ndi mlandu wina umene ungatifikitse kukhoti. Munthu wolusa akatitsatira, tisatsike ndipo tisamutsogolere kunyumba kwathu. Tikhome zitseko, tisunge nambala ya galimoto yake, tilunjike ku polisi ya ku Area 3 kapena ya Lingadzi.