Kompyuta Ikasoŵa Laibulale Yogaŵana

Ku Chinsapo ndi ku Mgona mabanja ambiri alibe mpopi pakhomo. Mabanja angapo amatunga madzi pa kiyosiki imodzi. Mapulogalamu a kompyuta nawonso amakhala motero. Ntchito zina, monga kubisa mauthenga kapena kulumikizana ndi nkhokwe ya maina, zidalembedwa kale nkusungidwa m'fayilo imodzi imene mapulogalamu ambiri amatungamo. Fayiloyi ndiyo laibulale yogaŵana. Pa Linux dzina lake limathera ndi .so, pa Windows ndi .dll.

Nkhaniyi si ya kunja kokha. Chiyambire 2001, pamene bungwe la Baobab Health lidaika makompyuta olembera odwala pa chipatala cha Kamuzu Central, mu Lilongwe mwakhala anthu olemba mapulogalamu, ndipo lero achinyamata a ku Kawale, Biwi ndi Area 25 akuphunzira luso lomwelo.

Munthu akalemba pulogalamu, chida chonga GCC chimaimasulira m'chinenero cha makina. Kenaka chida china, chotchedwa ld, chimailumikiza ndi malaibulale amene ikufuna. Chikalephera, chimalemba mawu monga "cannot find -lssl". Apa ophunzira ena amataya mtima, nafufuta zonse za m'kompyuta ndi kuononga bandulo pachabe, chonsecho uthengawo watchula kale chimene chasoŵa. Kumayambiriro kwa ssl kuikidwe lib, kumapeto kuikidwe .so, ndipo dzina lonse ndi libssl.so.

Zifukwa zake kaŵirikaŵiri zimakhala ziŵiri. Choyamba, fayiloyo mulibe. Pa Ubuntu ndi Debian fayilo imene ld amafuna imabwera m'phukusi lothera ndi -dev, choncho mankhwala ake ndi kuika libssl-dev. Chachiŵiri, fayiloyo ilimo koma ili pamalo amene ld sayang'anapo. Pamenepo wolembayo alozere njira ndi chizindikiro cha -L, motsatana ndi dzina la malowo.

Vuto lina limadza pambuyo pake: pulogalamu yalumikizidwa bwino, koma poiyatsa ikukana ndi mawu akuti "error while loading shared libraries". Lamulo la ldd limaonetsa malaibulale onse amene pulogalamuyo ikufuna, ndi amene sakupezeka. Ngati laibulale yangoikidwa kumene mu /usr/local/lib, lamulo la ldconfig limakonzanso kaundula amene kompyuta imayang'anamo.

Omvera achenjere ndi njira yachidule yosintha dzina la laibulale yakale kuti ioneke ngati yatsopano. Nambala imene imatsatira .so imasonyeza mtundu wa laibulaleyo, ndipo mitundu yosiyana siigwirizana nthaŵi zonse. Pulogalamu yotero ikhoza kuyaka lero nkudzaima pakati pa ntchito, mzere wa odwala uli pakhomo. Wophunzira wanzeru amayamba waŵerenga uthenga wonse mofatsa, nalemba dzina la laibulale, asanakhudze china chilichonse.