Kuwala kwa Sitovu Yatsopano Si Penti

Pali mawu amene ndatopa nawo pa ntchito yangayi yopopera penti: "Amisiri, ingopakani penti ya galimoto, ija siopa moto." Wonenayo amakhala ndi umboni wake m'thumba. Amati minibasi imayenda tsiku lonse kuchokera ku Matero kupita m'tauni, injini ili juu, koma penti yake simatuka. Ndiye sitovu yophikira nsima ingailephere bwanji?

Mwezi watha amayi ena a ku Chawama anabwera ndi sitovu ya mapuleti anayi pawilibala. Anaigula kwa munthu wina wogulitsa katundu wakale wa m'khitchini, kuti ikakhale mphatso pa kitchen party ya mwana wawo wamkazi. Inali yoyera mbee, yonyezimira. Mwayi wawo unali woti anayamba aiyesa kunyumba. Nyemba zisanapse, kuzungulira puleti kunasanduka chikasu, kenako kunada n'kutuluka matuza, ndipo fungo linathamangitsira adzukulu panja. Nditatsegula chitseko cha uvuni ndinapeza kuti wopentayo sanasiye ngakhale m'kati momwe, muja mokhala buledi ndi nkhuku. Apa ndiye mtima unandipsa.

"Bambo, ndikonzereni iwale monga ndinaigulira," anatero mayiwo. Ndinawayankha kuti, "Amayi, kuwala kumene munagulako ndi kumene kwakudyerani ndalama."

Pamwamba pa sitovu yatsopano, kaya ndi Defy kaya ndi ina, chimene mumaona chikunyezimira nthawi zambiri si penti ayi. Ndi galasi. Kufakitale amapera galasi kukhala ufa, amauwaza pachitsulo, n'kulowetsa chitsulocho m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 800. Ufawo umasungunuka n'kugwirana ndi chitsulo kukhala chinthu chimodzi. Pantchito timati vitreous enamel. Mukuidziwa kale ngakhale dzinalo ndi lachilendo: mbale ndi makapu akale aja achitsulo, oyera okhala ndi mzere wabuluu m'milomo, amene akagwa pansi amabenthuka n'kuonetsa chitsulo chakuda, anapangidwa momwemo. Chinthu chimene chinabadwira m'moto wa madigiri 800 sichingaope mphika wa nsima. Ine ndilibe ng'anjo yotero, ndipo mnzanga aliyense wa kompuresa ndi mfuti yopoperera ku Kalingalinga kapena ku George alibenso. Amene akulonjezani kuti pamwamba pa sitovu padzabwerera mwakale ndi penti ya m'chitini akukunamizani, kapena iye mwini sakudziwa.

Penti iliyonse ili ndi zinthu zitatu zikuluzikulu: ufa wopatsa mtundu, madzi ake amene amauluka ikamauma, ndi utomoni umene umagwira zonse pachitsulo. Kunyezimira kumachokera ku utomoniwo. Penti yowala kwambiri ndi imene ili ndi utomoni wambiri pamwamba pake, wosalala, ndipo utomoni womwewo ndi umene umayamba kupsa, monga mmene shuga amachitira papoto wouma: amafewa, amasanduka chikasu, amada, amafuka. Choncho kuwala ndi kupirira moto zimakokana. Mukafuna chimodzi kwambiri, mumataya chinacho.

Manambala ake ndi awa. Penti wamba ya mafuta, imene timapaka pazitseko ndi pamageti, imayamba kugonja kutentha kukangodutsa madigiri 90 kapena 100. Kuno ku Lusaka, chifukwa tili pamalo okwera, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, kutanthauza kuti pentiyi ili kale m'malire ndi ketulo chabe. Penti ya galimoto ya 2K, imene timasakaniza ndi mankhwala olimbitsa tisanaipopere, imapirira mpaka cha m'ma 120. Ndi penti yabwino zedi, ndimaikonda, koma inapangidwira dzuwa, mvula ndi fumbi. Boneti ya minibasi, ngakhale padzuwa la Okutobala, sifika pamene pamafika sitovu, chifukwa pakati pa injini ndi boneti pali mpata, pali mphepo, ndipo injiniyo ikuziziritsidwa ndi madzi. Amene akufuna kuona zimene moto weniweni umachita pagalimoto agwade ayang'ane paipi ya utsi. Kodi munaionapo ili ndi penti yonyezimira? Tsono yerekezani ndi khitchini: mafuta okazingira vitumbuwa amafika cha m'ma 180, batani la uvuni limathera pa 250 kapena kuposa pang'ono, ndipo puleti ya magetsi ikafiira imakhala itadutsa 500.

Ilipo penti yopirira moto yeniyeni. Utomoni wake ndi wa silicone, ndipo pachitini pamalembedwa 600 kapena 650. Koma nthawi zambiri imabwera yakuda kapena yasiliva, ndipo ikauma imakhala yosawala. Makasitomala akaiona amakwinya nkhope, amati ndawapakira makala. Ilinso ndi khalidwe lake: simaliza kulimba mpaka itatenthedwa, ndipo tsiku loyamba kuitentha imafuka ndi kununkha, choncho ntchito imeneyo ichitikire panja, popanda chakudya. Pakati pa penti ya galimoto ndi yopirira motoyi pali penti yopaka injini, imene imawala ndithu ndipo imapirira cha m'ma 250. Imeneyo ndimaipaka pachitseko cha uvuni kunja kwake ndi m'mbali mwa sitovu, koma pafupi ndi mapuleti ndimakana.

Ndimamva chisoni ndi anyamata ogulitsa masitovu akale, chifukwa ndikudziwa chimene chimawakankha. Wogula kukomboni amagula ndi maso. Sitovu yogwira ntchito bwino koma yobenthuka pang'ono ikhoza kukhala mwezi osagulidwa, pamene yakufa mapuleti awiri koma yopoperedwa dzulo imachoka tsiku lomwelo. Ndife ogula amene tinawaphunzitsa chinyengochi. Ngakhale mbaula zatsopano pamsika wa Soweto mudzazipeza zina zili ndi kapenti kasiliva kunja, kamene aliyense akudziwa kuti kadzatha ndi makala oyamba, koma yopentedwayo ndi imene timailoza.

Za m'kati mwa uvuni ndilibe nazo zokambirana: musapakemo penti wamba ya mtundu uliwonse, ndipo ngakhale zitini zambiri za penti yopirira moto zimalemba zokha kuti isapakidwe pamalo okhudza chakudya. Utsi wa penti yopsa umalowa m'buledi. Palinso nkhani ya mtovu. Penti zina za mafuta, makamaka zachikasu, zofiira ndi zobiriwira, zakhala zikupangidwa ndi mtovu kuti mtundu ukhale wowala ndiponso ziume msanga. Ife a m'Zambia sitifunika kuuzidwa zimene mtovu umachita kwa ana: mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likuvutitsabe ana a kumeneko mpaka lero. Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi a mwana umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Chitini chopanda dzina la wopanga, kapena penti yothiridwa m'botolo la chakumwa pamsika, isafike pafupi ndi pophikira. Ndipo popala penti yakale nyowetsani sandipepa, ana akasewere kutali.

Firiji ndi nkhani ina, yosavuta. Kunja kwake kumangofunda, sikutentha, ndiye apa penti ya galimoto ija imagwira ntchito yake bwino lomwe, ndipo imawala mpaka mwini wake kudziona nkhope. Mdani wa firiji ndi dzimbiri la m'munsi. A ku Kanyama akudziwa mmene madzi amaimira m'nyumba nthawi ya dzinja, ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba n'kumathima magetsi pafupifupi tsiku lonse, mafiriji ambiri ankasungunuka n'kumadontha mpaka kudya malata a pansi pa chitseko. Dzimbiri limenelo lipalidwe mpaka chitsulo chioneke, lipakidwe pulaima, ija penti yoyamba yogwira chitsulo, kenako mtundu. Mphira wa pachitseko ndi timapaipi takuda ta kumbuyo zisakhudzidwe ndi penti. Musaboole kapena kudula firiji ndi makina, chifukwa mafiriji ambiri a masiku ano ali ndi gasi wa R600a amene amayaka. Ndionjezerepo kuti mankhwala olimbitsa 2K amawononga mapapo. Kansalu kapakamwa kaja ka nthawi ya Covid sikateteza chilichonse, ndiye ntchitoyi muipereke kwa amene ali ndi chophimba kumaso choyenera ndi malo opita mphepo.

Ngati mwatsimikizabe kupenta nokha m'mbali mwa sitovu, zimitsani magetsi ndi kuchotsa waya kukhoma, ndipo ya gasi muichotse silinda. Tsukani mafuta, tsukaninso. Ntchito zambiri zimene zimabwerera kwa ife zomatuka sizinalephere chifukwa cha penti koma chifukwa cha mafuta ophikira a zaka zambiri amene anatsalira pachitsulo. Sopo wa Boom ndi madzi otentha zimathandiza, kenako thina, uja wosungunulira penti, pakansalu koyera. Petulo si thina, ndipo sindisintha maganizo pamenepa ngakhale anzanga ena amaithira m'penti kuti ichuluke. Palani ndi sandipepa wosalala kuti penti ipeze pogwira. Poperani mopyapyala kawiri kapena katatu m'malo mothira kamodzi mochuluka. Pansi pa penti yopirira moto musaike pulaima wamba wofiira uja, chifukwa iye ndi amene adzayambe kupsa n'kunyamula zonse. Zitini zambiri zimati ipakidwe pachitsulo chenicheni, komabe werengani chanucho, opanga amasiyana. Mphepo ya fumbi ya Ogasiti ndi chinyezi cha Januwale zonse zimawononga kuwala, choncho poperani m'mawa kukakhala bata, mutawaza madzi pansi. Nthawi youma imatengera pentiyo, koma musafulumire kuyatsa moto tsiku lomwelo.

Pamwamba pobenthuka pang'ono, timabotolo ta penti yodonthezera pa enamel timabisa bala ngati lili kutali ndi puleti, ngakhale patapita nthawi malowo amasiyana mtundu. Pakawonongeka kwambiri, funani chivundikiro chonse cha sitovu ina yakufa ya mtundu womwewo kwa okonza masitovu; nthawi zambiri ndi njira yokhalitsa kuposa penti iliyonse imene ndingakugulitseni.

Inu amene mukupita kukagula sitovu yakale kumapeto kwa mwezi uno, tengani khobidi m'thumba. Pemphani chilolezo, mukande nalo pakona yobisika ya pamwamba: galasi la kufakitale limangosiya kamzere kotuwa kofufutika ndi chala, pamene penti imakumbika. Yang'anani timisomali ndi mabatani ngati zadetsedwa ndi penti, tsegulani uvuni mununkhize, ndipo uzani wogulitsayo ayatse mapuleti onse anayi kwa mphindi 15 inu muli pomwepo. Akakana, musapereke ndalama.