Alembi pa Masitampa a ku America

Kwa ine, palibe ulemu wofatsa woposa uwu: kuti dziko litenge nkhope ya mlembi wake n'kuiika pa sitampa, iyende m'makomo onse. Bungwe la positi ku America, limene mwa mwambo wake limadikira kuti munthu ayambe watsamira mkono, linalemekeza motero Eugene O'Neill, mlembi wa masewero, mu 1967, ndipo John Steinbeck anatsegula mndandanda wa masitampa wotchedwa Literary Arts mu 1979. Koma sitampa imene imandigwira mtima ndi ya James Baldwin ya 2004, pakuti iyeyu, atalema nalo tsankho, anasamukira ku Paris mu 1948, namwalira ku France mu 1987. Ndipo dziko lomwe linamsautsalo ndilo linadzasindikiza nkhope yake pa sitampa ya masenti 37.