Titumir ndi linga la nsungwi

Mu nyuziletala ya teremu ino tikufotokoza za Syed Mir Nisar Ali, amene anthu a ku Bengal amamutcha Titumir. Nkhani yake ikuonetsa zimene zimachitika pamene wosauka wapita kubwalo la milandu koma n'kupeza chitseko chotseka.

Titumir adabadwa mu 1782 m'dera la 24 Parganas, kufupi ndi mzinda wa Calcutta. Adaphunzira ku madrasa, adaloweza Qur'an, ndiponso ankadziwika ndi masewera ogwetsana. Mu 1822 adapita ku Makka kukachita Hajj. Atabwerera kwawo adayamba kuphunzitsa alimi ndi oluka nsalu kuti atsate Chisilamu mwadongosolo, ndipo amuna ambiri omutsatira adayamba kusunga ndevu.

Kuti timvetse mkangano umene udabuka, tiyambe ndi nkhani ya malo. Nthawi imeneyo Bengal ankalamulidwa ndi kampani ya Angerezi ya East India Company. Mu 1793 kampaniyi idakhazikitsa lamulo lopereka umwini wa minda kwa anthu olemera otchedwa zamindar. Iwowa ankapereka ku kampani ndalama yokhazikika chaka ndi chaka, koma kwa mlimi ankatolera mmene afunira. Kunalinso azungu a minda ya indigo, chomera chopangira utoto wa nsalu, amene ankakakamiza alimi kulima mbewuyi m'malo mwa mpunga. Amene adamva kwa agogo za thangata m'minda ya atsamunda kuno kwathu sangavutike kumvetsa.

Eni malo ataona alimi akusonkhana kwa Titumir adachita mantha. Mmodzi wa iwo, Krishnadeva Rai wa ku Purha, adalamula kuti Msilamu aliyense wosunga ndevu azilipira msonkho. Anthu atakana, mzikiti wina udatenthedwa. Apa tionetsetse: otsatira a Titumir sadathamangire zibonga. Adakadandaula kupolisi ndi kukhoti, koma mlandu sudapite patali ndipo palibe mwini malo amene adalangidwa.

Zitatero, mu 1831, adamanga linga la nsungwi m'mudzi wa Narkelberia, pafupi ndi Barasat. Sitibisa kuti mkwiyo udawafikitsanso polakwika. Ku Purha adapha ng'ombe n'kudetsa kachisi wa Ahindu, chinthu chimene chidapweteka anthu wamba omwe sadakhazikitse msonkho uja. Kenaka adaukira eni malo ndi nyumba zopangira indigo, ndipo adathamangitsa gulu limene lidabwera ndi woweruza wachingerezi wa ku Barasat.

Kampani idatumiza asilikali okhala ndi mfuti, akavalo ndi mizinga. Anthu a m'linga ambiri anali ndi ndodo, mikondo ndi miyala basi. Pa 19 Novembala 1831 mizinga idaphwasula lingalo ndipo Titumir adafera pomwepo. Ambiri adagwidwa, ndipo mtsogoleri wa ankhondo ake, Ghulam Masum, adanyongedwa.

Dzina lake silidafe. Mumzinda wa Dhaka, likulu la Bangladesh, muli koleji ya boma yotchedwa Titumir, ndipo ana asukulu kumeneko amaphunzira za linga la nsungwi.

Ophunzira athu, mukamawerenga mbiri ya atsamunda musamangoloweza zaka. Muzifunsa kuti malo anali a yani, msonkho ankatolera ndani, ndipo wodandaula ankamvedwa kuti. Kwa ife makolo, aphunzitsi ndi akomiti ya mzikiti, funso ndi lapafupi: mwana kapena kholo losauka likabwera ndi dandaulo pasukulu pano, timalimvetsera mofanana ndi la munthu wodziwika? Ku Narkelberia nsungwi zidadulidwa pambuyo poti madandaulo akanidwa. Tiyeni tizimva dandaulo likadali pakamwa.