Mankhwala a BP akakuvutani, musangowasiya

Kafukufuku amene boma linachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno, mmodzi ali ndi BP yokwera. BP siimveka kupweteka. Chimene chimasautsa nthawi zina ndi mankhwala ake, ndiye munthu amangowaponya pansi pa mphasa osauza aliyense. Mapeto ake ndi sitiroko, mkono ndi mwendo kufa, khasu ndi nkhafi osagwiranso.

Ambiri kuchipatala amatiyambitsa ndi HCTZ. Amenewa amachotsa madzi ndi mchere m'thupi, n'chifukwa chake amakodzetsa. Imwani m'mawa kuti usiku mugone. Kuno ku Lizulu n'kozizira, koma inu a kunyanja thukuta limachuluka, ndiye chizungulire chimabwera msanga ngati simumwa madzi okwanira. Podzuka pa sijida kapena pamene mwawerama m'dimba, dzukani pang'onopang'ono. Kuswali chokhala n'kololedwa kwa wodwala. Msodzi amene wangoyamba kumene mankhwala asalowe yekha m'bwato masiku oyamba, chizungulire cha pamadzi si chamasewera.

Amlodipine amatupitsa mapazi, makamaka madzulo mukaima tsiku lonse pamsika. Ena amathamangira kuti awalodza. Ayi ndithu, kawonetseni a dokotala. Enalapril amabweretsa chifuwa chouma, chokanda pakhosi, chopanda makhololo, ndipo mankhwala a chifuwa a pa golosale sachithetsa. Chimatha akakusinthirani mtundu wina. Mayi woyembekezera sayenera kumwa enalapril. Milomo kapena lilime zikatupa, musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Pali china chimene abambo sitimanena. HCTZ ndi atenolol kwa ena amachepetsa mphamvu za m'nyumba. Manyazi ndi amene amasiyitsa anthu mankhwala, chonsecho a dokotala anazimva kale zimenezi ndipo ali ndi ena okupatsani. BP yosasamalidwa nayonso imapha mphamvu zomwezo.

Msana ukamawawa ndi ntchito, samalani ndi Brufen ndi diclofenac, amakweza BP ndiponso amavutitsa impso. Panado ndiye wabwinoko.

Ramadhani isanafike, tengani buku lanu lakuchipatala mukafunse ngati mungafunge, komanso nthawi yomwera. Mankhwala akumwa kamodzi patsiku amatheka kusunthira pa daku kapena pofuturu, koma okodzetsa aja asankhe nthawi ndi a dokotala, pakuti masana onse simumwa madzi.